Mmene mungadzitetezere polumikiza laputopu ku Wi-Fi ya aliyense

Bandulo siikhalitsa masiku ano, ndipo laputopu imaidya msanga kuposa foni. N'chifukwa chake munthu akaona Wi-Fi yaulere sachedwa kulumikiza, kaya ndi ku malo ogona alendo, m'lesitilanti, kubwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka, kusukulu ya ukachenjede, kapena pamsonkhano wa kuhotela ku Mangochi. Magetsi akazima kunyumba, ambiri amanyamula chikwama kukasaka pamalo pomwe pali jenereta ndi intaneti. Sindikunena kuti musiye. Ntchito iyenera kugwiridwa, ndipo ndalama za bandulo sizipezeka tsiku lililonse. Chofunika n'chakuti mudziwe pamene pali ngozi yeniyeni, chifukwa ambiri amaopa zimene zinakonzedwa kale n'kumasiya khomo lenilenilo lili pululu.

Kale, munthu wokhala nanu pa Wi-Fi imodzi ankatha kuwerenga zambiri zimene mukutumiza. Mu 2010 katswiri wina wa mapulogalamu, Eric Butler, anatulutsa kapulogalamu kotchedwa Firesheep kofuna kuonetsa dziko kukula kwa vutoli. Aliyense amene anakaika mu Firefox ankatha kulowa mu Facebook ya munthu wokhala patebulo lina pongodina. Zimenezi zinakankha makampani akuluakulu kuti ayambe kubisa zonse zodutsa pakati pa inu ndi iwo pogwiritsa ntchito HTTPS, ndipo lero mawebusayiti ambiri amatero. HTTPS ili ngati envulopu yomata: wonyamula kalata amaona komwe ikupita, koma zolembedwa m'katimo saziona.

Choncho akuba anasintha njira. Popeza kumvetsera mobisa kunavuta, tsopano amayesetsa kukupusitsani kuti muwapatse nokha: netiweki yabodza, tsamba labodza lofunsa pasiwedi, uthenga wabodza wokuuzani kuti muike pulogalamu. Pafupifupi malangizo onse ali m'munsimu akulimbana ndi zimenezi.

Choyamba: konzani laputopu musanatuluke pakhomo

Tsegulani Settings, pitani pa Windows Update, muone ngati pali zimene zikudikira kuikidwa. Ndikudziwa kuti ambiri amazimitsa ma update chifukwa amamaliza bandulo, ndipo amisiri ena okonza makompyuta amawazimitsiratu akaika Windows yosagula. Laputopu yotere ndi imene ili pangozi kwambiri ikakhala pa netiweki imodzi ndi anthu osawadziwa. Mu May 2017 kachilombo ka WannaCry kanalowa m'makompyuta a m'mayiko oposa 100, kanatseka mafayilo a anthu, mpaka zipatala zina ku Britain zinabweza odwala. Kankadumpha kokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina kudzera pa njira yogawirana mafayilo ya Windows, mwini wake osadina chilichonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft inali itatseka kale mpata umenewo mu March chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene sanaike update, kapena amene anali pa Windows yakale.

Apa pali mfundo imene eni malaputopu a kaunjika ayenera kuidziwa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo chisamaliro chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025. Ngati laputopu yanu ikhoza kulandira Windows 11, ikani. Ngati ndi yakale kwambiri moti siingathe, funsani mmisiri za Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe zimalowa m'malo mwa Windows, ndi zaulere ndipo zimayenda bwino pa makina okalamba. Ngati zonsezi zakanika, musalowe m'banki kapena mu imelo ya kuntchito ndi laputopu imeneyo pa Wi-Fi ya anthu ambiri.

Ena amafunsa ngati n'kololeka kukokera ma update pa Wi-Fi yaulere pofuna kupulumutsa bandulo. N'kololeka, bola muyambe nokha kuchokera mu Settings. Windows imayamba yatsimikiza kuti zimene yalandira zachokeradi ku Microsoft isanaziike. Choopsa ndi update imene ikukutulukirani yokha pa tsamba la intaneti, ndipo tiikamba posachedwa. Chrome, Edge kapena Firefox nazonso zikhale zatsopano.

Mudakali kunyumba komweko, ikani pasiwedi yolowera mu laputopu ngati mulibe. Kenaka yatsani kubisa kwa zonse zili mu disiki: pa Windows fufuzani Device encryption kapena BitLocker, pa Mac ndi FileVault. Popanda zimenezi, wakuba amangochotsa disiki n'kuiika mu kompyuta ina, mafayilo anu onse n'kuonekera ngakhale pasiwedi sakuidziwa. Windows ikakupatsani nambala yaitali yotsegulira disikiyo pakagwa vuto, ilembeni papepala ndipo musalisunge m'chikwama cha laputopu.

Chomaliza cha kunyumba, chimene ndimachiona chofunika kuposa zonse: yatsani chitetezo cha magawo awiri pa Gmail, Facebook ndi imelo ya kuntchito. Mu Google chimatchedwa 2-Step Verification. Chikayaka, pasiwedi yokha siikwanira kulowera. Pamafunikanso nambala yochokera pa foni yanu. Nambala yobwera pa SMS ndi yabwino kusiyana ndi kukhala opanda kanthu, koma yochokera mu Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator ndi yolimba koposa, chifukwa akathyali amatha kulanda nambala ya foni posinthitsa SIM khadi mwachinyengo. Yambani ndi imelo. Amene walowa mu imelo yanu amatha kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse pongodina "Forgot password".

Chachiwiri: mukafika, funsani dzina la netiweki

Musangosankha dzina looneka ngati la malowo. Pitani kwa wolandira alendo kapena woperekera zakudya, mufunse kuti, "Achimwene, Wi-Fi yanu dzina lake ndi liti kwenikweni?" Muuzeni akuonetseni kapena akulembereni. Aliyense wokhala ndi foni atha kuyatsa hotspot n'kuipatsa dzina lililonse limene wafuna, ngakhale la hotela imene mwakhalamoyo. Mukaona mayina awiri ofanana, ina ili ndi pasiwedi ina ilibe, kapena ina yangowonjezera mawu akuti Free kumapeto, musalumikize mpaka mutafunsa. Netiweki yokhala ndi mphamvu zambiri si ndiye yeniyeni. Mwina mwini wake wangokhala pafupi nanu.

Izi si nthano. Mu 2024 apolisi a ku Australia anamanga bambo wina pomuganizira kuti ankayatsa Wi-Fi zabodza m'ndege ndi m'mabwalo a ndege a ku Perth, Melbourne ndi Adelaide. Anthu akalumikiza, ankaona tsamba lowauza kuti alowe ndi imelo kapena akaunti yawo ya pa masamba a mchezo, ndipo zimene ankalembazo zinkasungidwa pa kachipangizo kamene anali nako m'chikwama.

Musadalirenso pasiwedi yomatidwa pakhoma kapena yolembedwa pa menyu. Imathandiza kuti odutsa mumsewu asamalize intaneti ya eni malo, koma aliyense amene anamwapo tiyi pamenepo akuidziwa, ndipo atha kupanga netiweki yabodza ya dzina lomwelo ndi pasiwedi yomweyo.

Polumikiza, chotsani chizindikiro pa kabokosi kolembedwa Connect automatically. Mukachisiya, laputopu imasunga dzinalo ndipo tsiku lina idzalumikiza yokha ku netiweki iliyonse ya dzina lomwelo, inu musakudziwa.

Chachitatu: uzani laputopu kuti muli pagulu

Windows imagawa manetiweki pawiri, Public ndi Private. Pa Private, kompyuta yanu imadzionetsa kwa makompyuta ena ndipo imatha kugawana nawo mafoda ndi printa. Pa Public imabisala. Mukangolumikiza, pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, dinani dzina la netiwekiyo, musankhe Public network. Windows 10 ikakufunsani ngati mukufuna kuti kompyuta yanu izionedwa ndi zipangizo zina pa netiwekiyi, yankhani No.

Kenaka lembani mawu akuti advanced sharing m'bokosi lofufuzira, mutsegule. Pansi pa Public, zimitsani Network discovery ndi File and printer sharing. Izi n'zofunika makamaka kwa amene laputopu yawo ndi ya kuofesi, kumene anagawana foda ndi anzawo miyezi yapitayo n'kuiwala. Tsegulaninso Windows Security muone kuti Firewall, mpanda woletsa makompyuta ena kulowa mu yanu, ndi yoyaka. Pa Mac, Firewall imapezeka mu System Settings pansi pa Network ndipo nthawi zambiri imakhala yozima mpaka muiyatse nokha. File Sharing izimitseni, AirDrop muiike pa Contacts Only.

Chachinayi: tsamba lolandirira alendo

M'mahotela ndi m'mabwalo a ndege, mukalumikiza pamatuluka tsamba lofuna kuti muvomere malamulo kapena mulembe nambala ya chipinda kapena ya vocha. Zimenezo n'zachizolowezi. Koma pali zinthu zimene tsamba lotere silifunikira n'komwe: pasiwedi ya Gmail kapena Facebook, PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, nambala imene banki yakutumizirani pa foni. Likafunsa chimodzi mwa izi, tsekani n'kuchoka pa netiwekiyo. Likangofuna adiresi ya imelo, ndi bwino kukhala ndi imelo ina yapadera yongolembetsera zinthu zoterezi.

Chenjerani kwambiri tsamba likati muyambe mwaika kenakake kuti intaneti igwire, kaya ndi pulogalamu, update ya Chrome, kapena satifiketi (chiphaso cha pakompyuta chimene laputopu imadalira potsimikiza kuti webusayiti ndi yeniyeni). Mu 2014 kampani ya Kaspersky inaulula gulu limene inalitcha DarkHotel. Gululi linkalowa m'manetiweki a mahotela apamwamba ku Asia n'kumadikira akuluakulu a makampani. Mlendo akalumikiza, ankauzidwa kuti pulogalamu yake ina yodziwika bwino yakalamba, aikenso yatsopano, ndipo akavomera ankakhala waika yekha chida chojambula zonse zimene akulemba. Onani kuti apa netiweki inali ya hotela yeniyeniyo, osati yabodza. Choncho ngakhale mwafunsa dzina n'kutsimikiza, lamulo ndi lomwelo: pa Wi-Fi ya eni ake simuika chilichonse chimene tsamba lakuuzani kuti muike. Satifiketi ndiye yoopsa koposa, chifukwa mukaivomera mwapatsa mwini netiweki mphamvu yotsegula zonse zimene HTTPS imabisa.

Chachisanu: werengani adiresi, ndipo mverani chenjezo

Mu Chrome, pitani ku Settings, Privacy and security, Security, muyatse Always use secure connections. Mu Firefox chimatchedwa HTTPS-Only Mode. Mukatero, mudzachenjezedwa musanatsegule webusayiti iliyonse yosabisa zimene mukutumiza. Kuyambira mu 2018 Chrome imalemba mawu akuti Not secure pambali pa adiresi ya mawebusayiti otere. Kuwerenga nkhani pamenepo palibe vuto lalikulu, koma musalembepo pasiwedi kapena nambala ya chiphaso.

Ambiri tinaphunzitsidwa kuti tikaona kaloko pambali pa adiresi ndiye kuti zonse zili bwino. Si choncho. Kaloko kamangotanthauza kuti palibe amene akuwerenga panjira. Sikanena kuti mwini webusayitiyo ndi woona mtima. Satifiketi ya HTTPS imapezeka mwaulere, ndipo akuba nawonso amaitenga. Google inafika pochotsa kalokoko mu Chrome mu 2023 chifukwa anthu ankakamva molakwika. Chimene muyenera kuyang'ana ndi adiresi yeniyeniyo, chilembo ndi chilembo, makamaka mbali imene ili kumapeto chizindikiro choyamba cha / chisanafike (osawerengera // ya pa https://). Adiresi yoyamba ndi dzina la banki yanu koma n'kuthera ku dzina lina lachilendo si ya banki yanu. Njira yosavuta ndi kusunga maadiresi a banki ndi a imelo mu Bookmarks mudakali kunyumba, n'kumadina pamenepo nthawi zonse m'malo mofufuza pa Google kapena kutsatira linki yobwera pa WhatsApp.

Tsopano chenjezo lija lodzaza sikirini yonse, lolembedwa kuti Your connection is not private. Pansi pake pamakhala batani la Advanced lokulolani kupitirira, ndipo anthu ambiri anazolowera kulidina osawerenga. Pa Wi-Fi ya aliyense musapitirire. Ngati chenjezolo latuluka pa Gmail, Facebook kapena banki, zikhoza kutanthauza kuti wina waima pakati pa inu ndi webusayitiyo. Zoona, pali zifukwa zina zosaopsa. Mwina simunamalize kulowa pa tsamba lolandirira alendo lija. Mwinanso tsiku ndi nthawi pa laputopu yanu n'zolakwika, zimene zimachitika kawirikawiri pa makina akale amene kabatire kake kam'kati kanatha; yang'anani pakona ya kumanja m'munsi, ngati pakuonetsa chaka cholakwika konzani. Ngati zonsezi zili bwino koma chenjezo likadalipo, chokani pa Wi-Fi imeneyo, mulumikize ku hotspot ya foni yanu, mutsegulenso webusayiti yomweyo. Ikatseguka bwinobwino, vuto lili pa netiweki ija, ndipo musabwererepo.

Chachisanu ndi chimodzi: nkhani ya VPN

VPN imatenga zonse zotuluka mu laputopu yanu, n'kuzibisa, n'kuzipititsa kaye ku kompyuta ya kampani ya VPN zisanapite komwe zikupita. Mwini Wi-Fi amangoona kuti mwalumikizana ndi VPN, osadziwa mawebusayiti amene mukutsegula. Ngati kuntchito kwanu anakupatsani VPN, igwiritseni ntchito nthawi zonse mukakhala kunja. Dongosolo lake ndi ili: lumikizani Wi-Fi, malizani za tsamba lolandirira alendo, yatsani VPN, kenaka tsegulani imelo ndi zina zonse. Ngati ili ndi Kill switch, iyatseni, kuti VPN ikaduka intaneti nayonso iime.

Koma ndikuchenjezeni pa ma VPN aulere. Mukayatsa VPN simunachotse munthu wapakati, mwangosintha: m'malo mwa mwini lesitilanti, amene akuona komwe mukupita tsopano ndi mwini VPN. Mu 2016 akatswiri ogwira ntchito ndi bungwe la kafukufuku la CSIRO ku Australia anayesa mapulogalamu a VPN 283 a pa Android, ndipo anapeza kuti ena sankabisa chilichonse, ena anali ndi zizindikiro za tizilombo m'kati. Kuyendetsa VPN kumadya ndalama, ndiye mukaona yaulere dzifunseni kuti eni ake akupindula bwanji. Ngati mulibe ndalama zolipirira, Proton VPN ya ku Switzerland ili ndi gawo laulere lodziwika bwino. Ikokereni kuchokera pa webusayiti yawo mudakali kunyumba. Ndipo kumbukirani kuti VPN siingakuletseni kulemba pasiwedi pa tsamba labodza. Ine ndikanati ndisankhe chimodzi pakati pa VPN ndi chitetezo cha magawo awiri, ndikanasankha chachiwirichi.

Chachisanu ndi chiwiri: za ndalama, gwiritsani ntchito foni yanu

Wi-Fi yaulere isiyireni ntchito zolemera: kukokera mafayilo akuluakulu, kuonera mavidiyo a maphunziro, misonkhano ya pa Zoom. Ikafika nthawi yolowa m'banki, kulipira malipiro a antchito, kutumiza ndalama kumudzi kuchokera ku Johannesburg, kapena kutumiza chithunzi cha pasipoti, chokani pa Wi-Fi muyatse hotspot ya foni yanu. Tsamba la banki silidya data yambiri. Pofuna kuti laputopu isayambe kukoka ma update pa bandulo yanu, pitani pa dzina la hotspot mu Settings muyatse Metered connection. Hotspot ikhale ndi pasiwedi yaitali, osati 12345678 kapena chaka chimene munabadwa. Mukhozanso kulumikiza foni ku laputopu ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering, pamenepo palibe chimene chikudutsa mumphepo pakati pa ziwirizi, komanso foni ikutchajidwa.

Chachisanu ndi chitatu: maso ndi manja a anthu

Wakuba sasowa luso la kompyuta ngati akutha kuona zala zanu. Khalani mofulatira khoma, osati zenera kapena njira yodutsa anthu, chifukwa kamera ya foni imajambula kiyibodi kuchokera patali. Mukadzuka, ngakhale kungokatenga madzi, dinani batani la Windows limodzi ndi L, sikirini itsekeka pomwepo. Pa Mac ndi Control, Command ndi Q. Popita kuchimbudzi nyamulani laputopu, musaisungitse kwa munthu amene mwangodziwana naye patebulo. Wina akabwera ndi flash n'kupempha kuti mumutumizireko fayilo, mukanireni mwaulemu. Pamisonkhano, pomwe flash imodzi imazungulira malaputopu onse kutolera zokamba za anthu, pemphani kuti mutumize yanu pa imelo.

Pochoka, komanso ngati mukukayika kuti zalakwika

Tulukani m'maakaunti amene munalowa, makamaka a kuntchito. Pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, Manage known networks, musankhe netiwekiyo, mudine Forget. Muli pomwepo fufutani mayina onse a mahotela ndi malesitilanti akale amene adzaza pamndandandawo. Zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth musanatseke laputopu.

Ngati mwazindikira mochedwa kuti munalemba pasiwedi pa tsamba lokayikitsa, kapena munaika chinthu chimene simukuchidziwa, musadikire kuti muone chimene chichitike. Chotsani laputopu pa intaneti. Tengani foni, mugwiritse ntchito data yanu, musinthe pasiwedi ya imelo poyamba, kenaka ya banki, kenaka ena onse amene munkagwiritsa pasiwedi yomweyo. Mu akaunti ya Google, pansi pa Security, pali mndandanda wa zipangizo zimene zalowa. Tulutsani chilichonse chachilendo. Mu Gmail yang'ananinso pa Forwarding ndi Filters, chifukwa akuba amakonda kusiya lamulo lotumiza makalata anu kwa iwo mwakachetechete, ndipo limagwirabe ntchito ngakhale mutasintha pasiwedi. Facebook ili ndi Where you're logged in, WhatsApp ili ndi Linked devices; chitani chimodzimodzi.

Ngati nkhani yakhudza ndalama, imbirani banki kapena kampani ya foni nthawi yomweyo pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi kapena imene mukuidziwa kale, osati imene yabwera mu uthenga. Ngati laputopu ndi ya kuntchito, auzeni a IT tsiku lomwelo ngakhale mukuchita manyazi. Iwo atha kutseka akaunti yanu wakubayo asanafike pa mafayilo a anzanu. Yendetsani Full scan mu Windows Security, ndipo ngati munaikadi pulogalamu yachilendo, sungani mafayilo anu ofunika padera, mmisiri aikenso Windows kuyambira pachiyambi. Ku Malawi kulowa mu kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, choncho jambulani sikirini, lembani dzina la netiweki, malo ndi nthawi, mukapereke kupolisi ndi ku MACRA.